Kulawa mowa ku Mzimba, kale ndi lero

Mwambo wolawa mowa usanaperekedwe kwa mlendo ndi wakalekale ku Mzimba. Angoni a M'mbelwa, omwe makolo awo adawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835, atakhazikika pakati pa Atumbuka, mowa wa mawere udali chakumwa cha pabwalo la milandu, paukwati, pamaliro ndi pa ingoma. Wofulula adali mayi. Ankanyika mawere, kuwafunditsa mpaka amere, kuyanika chimeracho, kuchipera, kenako kuchithira m'phala n'kudikira masiku angapo kuti mowa upse.

Mlendo wapaulendo sankangolandira chikho n'kupapira. Mwini mowa ankatunga ndi chipanda n'kumwa choyamba anthu onse akuona, kutsimikiza kuti mulibe mankhwala oipa. Akatero, akuluakulu ankaweruza okha: ankayang'ana ngati mowa ukuwirabe mumphika, kuununkhiza, ndi kumva kulemera kwake pa lilime. Wotsekemera kwambiri ankauseka kuti ukadali thobwa. Wowawasa mopitirira ankati wagona. Mbiri ya wofulula inkayenda ndi alendo omwewo mudzi ndi mudzi.

Amishoni a Livingstonia sadagwirizane ndi za mowazi. Donald Fraser atatsegula siteshoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902, mpingo udalimbikira kuletsa akhristu ake kumwa ndi kufulula mowa. Boma la atsamunda, lomwe lidayamba kulamulira dziko la M'mbelwa mu 1904, lidali ndi lamulo lakelake: kwa zaka zambiri munthu wakuda sankaloledwa kugula whisky, brandy kapena gin. Chakumwa chaukali cha anthu wamba chidali kachasu, wotchezedwa mobisa kuchokera ku madeya ndi shuga.

Kachasu adabwera ndi mayeso ake. Wotcheza amalumikiza mphika ndi mpope wodutsa m'madzi ozizira, ndipo botolo loyamba kudzaza, lija amati mutu, ndilo laukali koposa. Otsatirawo amanka nachepa mphamvu. Wogula wochenjera amadontheza pang'ono pansi kapena pa supuni n'kuyatsa machesi. Akayaka ndi lawi labuluu ndiye weniweni, akazima msanga ndiye kuti wathiridwa madzi. Mayesowa amangoonetsa ukali basi, sanena kanthu za poizoni amene angakhalemo.

Amuna a ku Mzimba omwe ankapita kumigodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia ankabwerako atazolowera zakumwa za m'mabotolo komanso kumwa kolipira, kopanda mwambo. Dziko litalandira ufulu mu 1964 zinthu zidasintha mwachangu. Carlsberg idatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo Malawi Gin ndi Chibuku zidafika m'mabala a pa boma la Mzimba, pa Jenda ndi pa Embangweni. Mowa wa m'masacheti, womwe udapweteka achinyamata ambiri, boma lidadzauletsa pambuyo pake.

M'bala ya masiku ano wogulitsa salawanso. M'malo mwake amatsegula botolo pamaso pa wogula, ndipo wapaulendo wodziwa zinthu amayang'ana chitsekerero ngati sichidatsegulidwe kale, poopa mowa wachinyengo wothiridwa m'botolo la dzina lotchuka. Zosakaniza zotchuka kunja, monga Old Fashioned ya whisky, shuga, bitters ndi khungu la lalanje, n'za m'mahotela a m'mizinda ikuluikulu. Kuno whisky amayezedwa pa toti n'kusakanizidwa ndi soda, Coca-Cola kapena madzi, ndipo madandaulo amakhala pa kuchepa kwa toti ndi kusowa kwa ayisi magetsi akathima. Kumidzi yozungulira Edingeni, likulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, mowa wa mawere umafululidwabe pa maukwati ndi pa miyambo ya mafumu, ndipo mwini mowa amayambabe ndiye kumwa.