Momwe mtsogoleri wa dziko amasankhidwira m'Malawi

Malamulo akulu a dziko la Malawi amanena kuti pulezidenti amasankhidwa ndi anthu mwachindunji zaka zisanu zilizonse, ndipo salamulira kupitirira maulendo awiri otsatizana. Chisankhochi chimayendetsedwa ndi bungwe la Malawi Electoral Commission, lomwe wapampando wake amakhala woweruza milandu wa kukhothi.

Wofuna kupikisana nawo ayenera kukhala mbadwa ya dziko lino ndiponso wa zaka zosachepera 35. Wogwira ntchito m'boma amayenera kutula pansi udindo wake asanaime, ndipo msilikali kapena wapolisi amene akadali pantchito saloledwa. Munthu amene khothi lidamupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo nayenso saloledwa. Popereka zikalata zake ku bungweli, wopikisana amatchula womutsatira wake, ndipo awiriwo amaonekera limodzi pa pepala lovotera.

Ovota amakhala nzika za zaka 18 kapena kuposa apo zimene zidalembetsa m'kaundula. Kampeni imatha kutatsala maola 48 kuti anthu aponye voti. Mavoti amawerengedwa pa malo omwe aponyedwa, oimira zipani akuona, ndipo zotsatira zimayenera kulengezedwa pasanathe masiku asanu ndi atatu.

Kuyambira mu 1994, wopambana ankakhala yense amene waposa anzake. N'chifukwa chake a Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi a Peter Mutharika mu 2014 adalowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 mwa 100 aliwonse. Izi zidasintha pa 3 February 2020 pomwe khothi loona za malamulo akulu lidathetsa chisankho cha May 2019, n'kugamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Akalephera onse, awiri otsogola amabwerezanso.

Chigamulochi chidasintha muyeso wa wopikisana wamphamvu. Popeza palibe chigawo chimene pachokha chili ndi ovota okwanira kupambanitsa munthu, wopikisana ayenera kulandiridwa m'zigawo zoposa chimodzi. Kusankha bwino womutsatira ndi kugwirizana ndi zipani zina kumathandiza. A Lazarus Chakwera adapambana pa 23 June 2020 ataima ndi a Saulos Chilima mumgwirizano wa Tonse, ndipo adapeza mavoti oposa 58 mwa 100 aliwonse.

Komabe mgwirizano pawokha sukwanira, pakuti ovota amayang'ananso mtengo wa chimanga, feteleza ndi mafuta a galimoto, komanso mbiri ya munthu pa nkhani za katangale. Pa chisankho cha pa 16 September 2025, chomwe chidachitika zinthu zitakwera mitengo kwambiri, a Peter Mutharika adapambana ndi mavoti pafupifupi 57 mwa 100 aliwonse pakati pa opikisana 17.

Ogwira ntchito m'boma amavota monga nzika zina zonse, koma udindo wawo ndi kutumikira boma lililonse limene Amalawi asankha, ndipo galimoto kapena ndalama za boma siziyenera kugwiritsidwa ntchito pa kampeni ya chipani.