Malumbe, nsonga yoiwalika ya phiri la Zomba

Aphunzitsi anzanga ndi inu amene ndinakuphunzitsani, lero tikambirane za phiri lathu. Mukafunsa munthu mu tauni muno malo otchuka pa phiri la Zomba, angakuuzeni za Emperor's View, Queen's View kapena dzenje la Chingwe. Koma ndi angati angatchule Malumbe? Chonsecho Malumbe ndiye nsonga yaitali kuposa zonse pa phirili, ndipo ili pa mamita 2,087.

Anthu okonda kukwera mapiri amakhala ndi mindandanda ya nsonga zoti akafikepo. Ambiri amafuna nsonga yaitali kwambiri m'dziko lililonse: Kilimanjaro ku Tanzania, mamita 5,895, ndi Sapitwa ku Mulanje, mamita 3,002. Pa mndandanda wotere Malumbe palibe. Ngakhale kuno kwathu imapambanidwa ndi Nganda ku Nyika, yoposa mamita 2,600, komanso phiri la Dedza.

Koma ine ndikuona kuti chimene chinaphimba Malumbe kwenikweni ndi mbiri. David Livingstone analiona phirili mu 1859 pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa. Mu 1891 Harry Johnston anakhazika likulu la boma la atsamunda m'tsinde mwake, ndipo Zomba inakhala likulu mpaka 1975. Akuluakulu a boma ankakwera phirili kukapitidwa mphepo, osati kukalimbana ndi miyala. Malo amene galimoto inkafika ndiwo anatchuka. Queen's View inapatsidwa dzinali mayi ake a Mfumukazi Elizabeth atabwera mu 1957, ndipo Emperor's View ndi chikumbutso cha Haile Selassie wa ku Ethiopia amene anafika mu 1965. Alendo a tsiku limodzi anasiya mayina awo, pamene mayina a makolo monga Malumbe, Nawimbe ndi Chagwa anatsalira pa mapu ndi m'kamwa mwa anyamata operekeza alendo.

Vuto lake ndi ili: mwana amene sadziwa dzina la nsonga sangadandaule ikamapsa ndi moto wa chilimwe kapena mitengo ikamatha, pomwe madzi a m'damu la Mulunguzi amene timamwa amachokera m'phiri lomweli.

Choncho pempho langa ndi lakuti mukamatenga ana pa ulendo wa sukulu, musathere pojambulitsa pa Emperor's View. Alozereni Malumbe, ndipo amene ali ndi miyendo yolimba akwere. Ana athu alembe mndandanda wawo wa nsonga za Zomba, m'mayina akwathu.