Ku Airwing: mbiri ya bwalo la ndege la Mtakataka

Ukatsika mapiri a Dedza podzera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere n'kufika pa Golomoti, chimakulandira ndi chifundizi, milambe ndi minda ya mpunga. Za ndege sizibwera n'komwe m'mutu. Komatu chakumpoto pang'ono, m'dera la Inkosi Kachindamoto, kuli bwalo la ndege la Mtakataka, kumene eni dera amangoti ku Airwing.

Dzinali linabwera ndi apolisi. M'nthawi ya Dr Hastings Kamuzu Banda polisi inali ndi nthambi yakeyake ya ndege, ndipo bwaloli linagwira ntchito za nthambiyo. Sukulu yophunzitsa apolisi ili komweko. Choncho silinali bwalo loti mlimi wa ku Bwanje agulepo tikiti. Ana a m'midzimo anakula akuona ndege zikutera ndi kunyamuka, koma za eni ake.

Chigwa chimene muli bwaloli n'chosalala, ndipo alendo anayamba kale kuchikonda. Ansembe a White Fathers anakhazika mishoni pa Mua mu 1902. Njanji yochokera ku Blantyre inadutsa pa Golomoti ndi Mtakataka n'kukafika ku Salima mu 1935. Koma chimene ambiri anaiwala chinachitika kutsidya kwa nyanja, ku Cape Maclear. Mu 1949 ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi, zotchedwa Solent, zinayamba kuima kumeneko paulendo wochokera ku Southampton kupita ku Johannesburg. Tangoganizani, msodzi ali m'bwato akuvuula khoka, chindege cha ku Mangalande chikutsetsereka pamadzi pafupi naye! Sizinakhalitse. Pofika kumapeto kwa 1950 maulendowo anatha, ndege zotera pamtunda zitalanda msika. Kenaka maso onse analoza ku Chileka, ndipo kuyambira 1983 ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi.

Mabwalo ang'onoang'ono ngati la Mtakataka kwathu kuno sayendetsedwa ndi makhonsolo ngati mmene zilili m'maiko ena. Ambiri ndi a boma, ena ndi a makampani, monga a shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo. Ntchito yake ndi yooneka yaing'ono koma yosalekeza: kutchetcha udzu, kukwirira maenje, kuthamangitsa mbuzi ndi ng'ombe ndege isanatere, kusamala kansalu kosonyeza kumene mphepo ikulowera. Popanda nyali, dzuwa likangolowa ndege siterapo.

Ine zimandiwawa kuti bwalo la Mtakataka silitchulidwa kawirikawiri pokamba za chitukuko cha derali. Alendo okaona zigoba za gule wamkulu ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa pa Mua mu 1976, amabwera onse pagalimoto. Ndipo m'dzinja, mitsinje ya Livulezi ndi Namikokwe ikasefukira, kapena mlatho ukaduka pamsewu wa M5, wodwala mwakayakaya amadikira madzi aphwe, bwalo la ndege lili chapompano.