Tanthauzo la mawu oti Mac

Mawu oti Mac, omwe amayamba mayina monga MacDonald ndi MacKenzie, ndi a chinenero cha Gaelic cha ku Scotland, ndipo amatanthauza mwana wamwamuna. MacDonald ndiye kuti mwana wa Donald. Adzukulu a anthu amene anasamukira ku Canada, monga aja anafika ku Pictou pa chombo cha Hector mu 1773, amagwira mayinawa pofufuza makolo awo. Ena amati dzina limodzi ndi magazi amodzi, koma sizili choncho, chifukwa alimi ambiri ankatenga dzina la mfumu ya dera lawo kuti iziwateteza, ngakhale panalibe ubale. Ku Scotland kaundula wa boma anayamba mu 1855, choncho wofufuza za amene anachoka kale asakhutire ndi dzina lokha, afunefune mabuku a ubatizo a mpingo.