Tiki, Mtunda ndi Chipatala cha ku Migowi

Munthu wa kunyanja akafika koyamba ku Phalombe, maso ake amathamangira kuphiri. Ife tidazolowera madzi oyalika mpaka kumene diso lalekeza, koma kumeneko Phiri la Mulanje limaima ngati khoma, ndipo pambali pake pali mng'ono wake Michesi. Pansi pa mapiri awiriwa pali chigwa chachikulu chotsetserekera ku Nyanja ya Chilwa, chodzala ndi midzi, minda ya chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 400,000 m'bomali. Anthu onsewa adakhala opanda chipatala chachikulu cha boma kufikira mu Okutobala 2022, pamene Pulezidenti Lazarus Chakwera adatsegula chipatala cha John Chilembwe ku Migowi. Mbiri ya kudikira kumeneku ikutikhudza, chifukwa funso limene lidavutitsa anthu a ku Phalombe ndi lomwe limativutitsa ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota: munthu wosauka akadwala, amalipira ndani?

Pakati pa Mulanje ndi Michesi pali mpata umene amalonda a Chiyao ankadutsamo popita kugombe la nyanja yamchere. Tisabise, mwa katundu wawo mudali minyanga ya njovu, mudalinso anthu ogwidwa ukapolo. M'chaka cha 1893 Angerezi adamanga linga pampatapo nalitcha Fort Lister, kuti atseke njirayo ndi kugonjetsa mafumu a Chiyao a m'mbali mwa phiri, monga Matipwiri ndi Mkanda. Chotero chinthu choyamba chimene boma la atsamunda lidamanga m'derali chidali malo a asilikali, ndipo msonkho wa nyumba udayenda nawo limodzi. Madokotala ochepa a boma la masiku amenewo ntchito yawo yaikulu idali kusamala Azungu ndi asilikali. Alomwe amene ankalowa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, ambiri nagwira thangata m'minda ya Azungu, akadwala ankadalira asing'anga ndi azamba a m'mudzi.

Mpata umene boma lidasiya adaulowa ndi amishoni. Kummwera kwa phiri a Church of Scotland adakhazikitsa mishoni ya Mulanje ndi chipatala chake. Mbali ya Phalombe kudabwera chipatala cha Akatolika cha Holy Family, chimene chidadzakhalanso ndi sukulu ya anamwino ndi azamba. Kunyanja nkhaniyi tikuidziwa bwino, pakuti St Martin's ku Malindi ndi St Anne's ku Nkhotakota ndi zipatala za mpingo wa Anglican zimene zidamangidwa pakati pa Asilamu. Makolo athu ena ankazengereza kupitako, monga ankazengerezera kutumiza ana ku sukulu za mishoni, poopa kuti chithandizo chibwera ndi ubatizo kumbuyo kwake. Mantha amenewo adali ndi zifukwa zake. Komabe chilungamo chimatikakamiza kunena kuti ambiri a ife tidabadwira m'zipinda zomwezo, m'manja mwa anamwino amene sadafunse dzina la chipembedzo asadadule mchombo.

Vuto la chipatala cha mishoni lidali limodzi, ndipo lilipobe: chimalipiritsa. Sikuti eni ake ndi aumbombo. Mankhwala amagulidwa, galimoto ya odwala imamwa mafuta, ndipo thandizo la mipingo ya ku Ulaya lidayamba kuphwa pamene amishoni oyera ankabwerera kwawo.

Mkangano wa ndalama ya kuchipatala ndi wamkulu msinkhu ngati dziko lathu lomwe. Malawi adalandira ufulu pa 6 Julayi 1964. Pasadathe miyezi iwiri, nduna zidaukira Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo mwa madandaulo awo mudali tiki, ndiye kuti makobidi atatu, imene iye adafuna kuti wodwala aliyense azilipira pa zipatala za boma. Padali zinanso, monga malipiro a ogwira ntchito m'boma, ubale ndi Apwitikizi ndi kuchedwa kopatsa Amalawi maudindo a Azungu, koma nkhani ya tiki ndi imene munthu wa kumudzi adaimva msanga. Anthu adali atangouzidwa kuti ufulu wafika, ndipo chimene adaona pakhomo la chipatala ndi dzanja lofuna ndalama. Mu Sepitembala Kamuzu adachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume ndi Augustine Bwanausi. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo, ndipo Henry Masauko Chipembere, mwana wa ku Malindi, adachita chimodzimodzi atabwerako ku Canada. Zimene zidatsatira mu Febuluwale 1965, pamene anthu a Chipembere adalanda boma la Fort Johnston nakalephera pa doko la Liwonde, akuluakulu a ku Mangochi safuna kukumbutsidwa. Midzi idavutika zaka zambiri. Nkosowa kupeza kakobidi kena kamene kadalowa m'mbiri ya dziko mozama chotero.

M'kupita kwa nthawi mfundo imene idakhazikika ndi yakuti zipatala za boma nzaulere, kupatula zipinda za olipira mwakufuna kwawo. Boma lililonse kuyambira pamenepo limanyadira mfundoyi, ndipo nduna iliyonse imene yayesa kutchula zolipiritsa yakumana ndi phokoso. Koma ulere umenewu udagawa dziko pawiri mwakachetechete. Boma silinkamanga chipatala pamene pali kale cha mishoni, poti ndalama zidali zochepa ndipo pa mapu malowo ankaoneka otumikiridwa. Zipatala za mipingo, zimene zidapanga bungwe lawo mu 1966, lomwe lero timalitcha CHAM, zidafika popereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo chonse m'dziko muno, makamaka kumidzi. Zotsatira zake, wokhala m'tauni pafupi ndi Queen Elizabeth ankachira osatulutsa kanthu, pamene mlimi wa ku Phalombe, wosauka kuposa iye, ankagulitsa nkhuku kapena ndowa ya nandolo kuti mwana wake agonekedwe. Akafuna chaulere, ankalipira ndi miyendo kupita ku boma la Mulanje kapena ku Zomba.

Chinthu chimodzi chotsika mtengo chidafikadi m'midzi. Mliri wa kolera utabuka mu 1973, boma lidalemba anyamata ndi atsikana oyenda m'midzi kuthana nawo, ndipo ntchito yawo idakula kufikira adasanduka alangizi a zaumoyo amene timawaona lero pa njinga, atanyamula katemera ndi sikelo. Kuyambira cha m'ma 2008 ambiri a iwo adapatsidwa bokosi la mankhwala a malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba kwa ana osafika zaka zisanu. Palibe mwala wa maziko umene udaikidwa chifukwa cha iwo, koma ana amene adapulumutsidwa pansi pa mitengo ya mango sitingawawerenge.

Mu Marichi 1991 mvula idagwa masiku angapo pa Michesi, phiri lidang'ambika, ndipo napolo adatsika ndi miyala yaikulu ngati nyumba. Anthu mazana angapo adafa, ena sadapezeke mpaka lero. Dziko lonse lidamva dzina la Phalombe, lidaonanso kuti dera lodzala anthu chotero lidali kumapeto kwa misewu yoipa, kutali ndi thandizo. Chaka chomwecho ndi chimene sukulu yoyamba yophunzitsa madokotala idatsegulidwa ku Blantyre, patatha zaka 27 dziko likudzilamulira. Mu 1998, pa ulamuliro wa Bakili Muluzi, Phalombe adapatulidwa ku Mulanje nakhala boma palokha. Bwanamkubwa adabwera, maofesi adatsegulidwa, koma chipatala cha boma chidatsala m'malonjezo a misonkhano ya ndale. Holy Family ndiye adasenza udindo wa chipatala chachikulu cha boma lonselo.

Kusintha kwenikweni kudabwera mu 2006, ndipo kudabwera popanda njerwa. Unduna wa Zaumoyo udayamba kusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM, akuti chipatala chileke kulipiritsa amayi oyembekezera ndi makanda, ndipo boma lizibweza ndalamazo mwezi ndi mwezi. M'malo ena mapanganowo adakula nakhudza ana aang'ono ndi odwala otumizidwa kuchokera ku zipatala zazing'ono za boma, monga zidakhalira ku Phalombe. Nzeru yake njosavuta. Kumanga chipatala chatsopano pafupi ndi chakale nkuwononga. Nkwabwino kugula chithandizo pamene chilipo kale. Amayi obwera kusikelo ndi ochilira m'chipatala adachuluka m'malo amene mapanganowo adafika. Mphamvu ya kandalama kochepa idaonekanso ku Neno, kumene ofufuza adapeza kuti zipatala zina zitayamba kulipiritsa, odwala obwera adatsika ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Anthuwo sadachire. Adangokhala kunyumba.

Mapanganowa adalinso ndi mbali ya chilungamo imene sitiyenera kuiwala. Mu 2007 boma lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, ndipo mafumu ambiri adaika chindapusa cha mbuzi kapena ndalama kwa mayi wochilira kunyumba. Kulamula mayi kuti apite kuchipatala, pamene chipatala chokhacho chapafupi chikufuna ndalama imene alibe, kukadakhala kumulanga kawiri.

Chofooka chake chidali pa kubweza. Boma likachedwa kulipira miyezi yambiri, chipatala chimakhala ndi ngongole kwa ogulitsa mankhwala, ndipo kangapo konse zipatala za CHAM m'maboma osiyanasiyana zidaimitsa mapangano nkubwerera ku zolipiritsa. Mayi amene adachira mwaulere chaka chatha ankapeza mtengo pakhomo chaka chino, popanda womufotokozera. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti ndalama 15 pa 100 zilizonse za bajeti zizipita ku zaumoyo. Zaka zambiri dziko lathu lakhala pansi pa mlingo umenewu, ndipo gawo lalikulu la ndalama za zaumoyo, makamaka za ma ARV amene adayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, lachokera kwa abwenzi akunja.

Chipatala cha ku Migowi chili ndi mabedi 250, zipinda za opaleshoni ndi nyumba za ogwira ntchito. Ndalama zomangira zidachokera ku boma la Malawi, ku Saudi Fund for Development ndi ku BADEA, banki ya maiko a Aluya yothandiza chitukuko mu Africa. Ena mwa ife tidasangalala kumva maina amenewa, ndipo palibe cholakwa kusangalala kuti chuma cha maiko a Chisilamu chamanga malo ochizira Mlomwe, Mnyanja ndi Myao mosasankha. Koma tizinena zoona zake: ndalamazo ndi ngongole, zofewa inde, koma zobweza. Msodzi wa ku Malembo akagula sopo kapena mafuta a injini, kamsonkho kake kali m'gulu la zobwezera. Chipatalacho ndi chathu tonse m'njira imeneyi.

Patangotha miyezi isanu chitsegulireni, mu Marichi 2023, namondwe Freddy adagwetsanso mapiri omwewo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa, ndipo Phalombe ndi Mulanje adali m'gulu la maboma ovutika koposa. Chipatala chaching'ono cha Nkhulambe, kum'mawa kwa phiri, chidadzazidwa ndi matope ndi mchenga, milatho idakokoloka, ndipo kwa masiku ambiri anthu a kumeneko sakadatha kufika ku Migowi ngakhale adali ndi chipatala chatsopano m'boma lawo. Izi zidachitika dziko lili pakati pa mliri wa kolera umene udapha anthu oposa 1,700, ndipo Mangochi adali mwa maboma amene adalira maliro ambiri. Kwa zaka zambiri muyezo wa Unduna udali wakuti munthu asakhale kutali ndi chipatala kuposa makilomita 8. Mlatho ukachoka, makilomita 8 amasanduka ulendo wosatheka.

Mbiri ya Chisilamu ili ndi chotiuza pa mbali imene imatigonjetsa kawirikawiri, ya kuyendetsa chipatala chikamangidwa. Mu 1284 Sultan Qalawun adamanga chipatala chachikulu ku Cairo, ndipo zaka 130 m'mbuyo mwake Nur al-Din adali atamanga chake ku Damascus. Odwala sankalipira. Chinsinsi chidali wakfu: womanga ankapatula masitolo, nyumba ndi minda, nalemba kuti phindu lake lizigula mankhwala ndi kulipira asing'anga mpaka kalekale. Ife kuno tili ndi manja opepuka pa zakaat ndi sadaka, makamaka m'mwezi wa Ramadhan, ndipo tamanga misikiti, zitsime ndi zipatala zingapo zimene zili pansi pa Islamic Health Association of Malawi. Koma kupereka kwathu nthawi zambiri kumathera pa chinthu chooneka ndi maso, chimene tingaikepo chikwangwani. Sitolo imodzi pa msika wa Mangochi imene lendi yake idalembedwa kuti izigula mafuta a ambulansi ndi chinthu chimene sitimva kawirikawiri chikulengezedwa pa Ijumaa.

Ku Makanjira nkhani ya Phalombe ikadali pakati. Mayi wa kumeneko amene mimba yavuta usiku ali pa mtunda woposa makilomita 100 kuchokera ku chipatala cha boma la Mangochi, pa msewu umene nthawi ya dzinja mitsinje imaudula, ndipo ena amaoloka nyanja pa bwato kupita ku Salima. Mu 2023 Saudi Fund for Development yomwe ija idasainira ngongole ina ndi boma lathu yothandizira kumanga msewu wa Mangochi kupita ku Makanjira. Anthu a ku Phalombe adawerenga zaka 24 kuchokera pamene adapatsidwa boma kufikira pamene adalowa m'chipatala chawo. A ku Makanjira adayamba kuwerenga zawo kalekale.