Kugwa kwa Maufumu a Aztec ndi Inca

1. Chimanga chidachokera kuti?

Nsima timadya tsiku ndi tsiku. Koma chimanga sichidayambire kuno kwathu. Chidayamba kulimidwa ku Mexico, kutsidya kwa nyanja ya Atlantic. Nayo mbatata ya kachewere idachokera ku mapiri a Andes, ku South America. Kumalo awiriwa kudali maufumu akuluakulu, wa Aztec ndi wa Inca. Onse adagwetsedwa ndi Asipanishi, anthu a ku Spain. Kodi alendo ochepa adatha bwanji kugwetsa maufumu otere?

2. Mzinda wa pa chilumba

Likulu la anthu a Aztec lidali Tenochtitlan. Adalimanga cha m'ma 1325 pa chilumba cha m'nyanja ya Texcoco. Mudali misika, akachisi ndi ngalande zoyendamo mabwato. Alimi ankakolola matope m'nyanja n'kuunda timinda tachonde. Ankalimamo chimanga, nyemba, maungu ndi tsabola.

Koma ufumuwu udali ndi adani ambiri. Mitundu yogonjetsedwa inkathira msonkho wa chakudya ndi nsalu. Anthu ena ogwidwa pa nkhondo ankaphedwa ngati nsembe. Ambiri adali ndi mangawa, ankangodikira tsiku.

3. Kufika kwa Cortés

Mu 1519 Msipanishi wina, Hernán Cortés, adanyamuka ku Cuba kupita ku Mexico ndi zombo 11, asilikali pafupifupi 500 ndi akavalo 16. Adali ndi mfuti, mizinga ndi malupanga achitsulo. Eni dziko adali asadaonepo kavalo.

Cortés adapatsidwa mtsikana wina amene adali kapolo, dzina lake Malintzin. Iye ankayankhula zinenero ziwiri, Nahuatl ndi Maya, ndipo adakhala womasulira. Kudzera mwa iye, Cortés adadziwa amene ankadana ndi Moctezuma, mfumu ya Aztec. Anthu a ku Tlaxcala adayamba amenyana naye, kenaka adapangana naye ubale. Adamupatsa ankhondo zikwizikwi.

Pa 8 Novembala 1519 Moctezuma adalandira alendowo mu mzinda wake. Adawapatsa malo ogona, chakudya ndi mphatso. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Alendo awa sadabwere kudzakamuka. Pasadapite nthawi adagwira mfumuyo, nakhala nayo ngati mkaidi.

4. Nthomba ndi njala

Mu Meyi 1520 Asipanishi adapha anthu ambiri amene ankavina pa chikondwerero, opanda chida m'manja. Mzinda wonse udawaukira. Moctezuma adafa mkati mwa chipwirikiticho. Kumapeto kwa Juni alendowo adathawa usiku, ndipo ambiri adafera m'madzi.

Pambuyo pake padagwa nthomba, matenda amene adabwera pa zombo. Eni dziko adali asadadwalepo nthomba, choncho matupi awo adalibe chitetezo. Anthu adafa osawerengeka. Nayo mfumu yatsopano, Cuitláhuac, idafa ndi mliriwu.

Mu 1521 Cortés adabweranso ndi khamu la ankhondo a ku Tlaxcala ndi a mitundu ina. Adazinga mzinda, adadula madzi akumwa, adatseka njira za chakudya. Eni mzinda adalimbikira pafupifupi miyezi itatu. Pa 13 Ogasiti 1521 mfumu yomaliza, Cuauhtémoc, idagwidwa. Pa bwinja lomwelo Asipanishi adamanga Mexico City.

5. Ufumu wa kumapiri

Kummwera kudali ufumu wa Inca. Likulu lake lidali Cusco, m'dziko limene lero ndi Peru. Anthuwa adali amisiri. Ankasema miyala n'kuisanjika popanda dothi lomatira. Ankagumula mapiri n'kukonza minda yokhala ngati makwerero. Adalambula misewu yaitali kwambiri, ndipo anyamata othamanga ankapatsirana mauthenga. Powerengera anthu ndi zokolola ankamanga mfundo pa zingwe zotchedwa khipu. Boma lidali ndi nkhokwe zosungira chakudya cha nthawi ya njala.

Mfumu Huayna Capac itamwalira, ana ake awiri adalimbirana ufumu. Mayina awo adali Huáscar ndi Atahualpa. Nkhondo yapachibaleyi idapha anthu ambiri. Atahualpa adapambana, koma dziko lidatsala logawikana.

6. Msampha wa ku Cajamarca

Pa nthawi yomweyi padatulukira Msipanishi wina, Francisco Pizarro, ndi amuna 168 okha. Adaitana Atahualpa kuti akaonane pa bwalo la mzinda wa Cajamarca. Pa 16 Novembala 1532 mfumu idafika itanyamulidwa pa machira. Asipanishi adali atabisala m'nyumba zozungulira bwalolo. Adawomba mizinga, natulukira pa akavalo. Anthu zikwi adaphedwa madzulo amodzi, mfumu n'kugwidwa.

Atahualpa adalonjeza kudzaza chipinda ndi golide kamodzi, ndi siliva kawiri, kuti amumasule. Chumacho chidabwera. Asipanishi adachisungunula n'kugawana. Komabe sadamumasule. Adamupha mu Julayi 1533, ndipo chaka chomwecho adalowa mu Cusco.

Anthu a Inca sadangogonja. Mu 1536 mtsogoleri wawo, Manco Inca, adazinga Cusco kwa miyezi yambiri. Kenaka adakakhazikika ku nkhalango za Vilcabamba. Mfumu yomaliza, Túpac Amaru, idadulidwa mutu mu 1572.

7. Thangata wa ku migodi

Nkhondo itatha, padayamba mavuto ena. Midzi idagawidwa kwa Asipanishi. Eni nthaka ankawalimira ndi kuwapatsa msonkho. Akachisi adagwetsedwa, ndipo pamalo pake padamangidwa matchalitchi. Ku Mexico mabuku ambiri akale adatenthedwa.

Mu 1545 siliva adapezeka pa phiri la Potosí, m'dziko limene lero ndi Bolivia. Kale anthu a Inca adali ndi mwambo wotchedwa mita. Ankagwira ntchito za boma mosinthana, boma n'kumawadyetsa. M'zaka za m'ma 1570 atsamunda adaupotoza mwambowu. Chaka chilichonse midzi yosankhidwa inkapereka mwamuna mmodzi pa amuna asanu ndi awiri alionse kuti akakumbe siliva. Ambiri adafera m'migodi. Agogo athu adaziona zotere pa thangata: mawu othandizana adasanduka ntchito yokakamiza m'minda ya azungu.

Matenda monga nthomba ndi chikuku adapitiriza kusesa midzi. Antchito atachepa, atsamunda adabweretsanso akapolo ochokera ku Africa.

Si Asipanishi onse amene adakhala chete. Wansembe Bartolomé de las Casas adadzudzula nkhanzazi pamaso pa mfumu ya ku Spain. Mu 1542 padatuluka malamulo oletsa kugwira eni dziko ukapolo, koma atsamunda ambiri adawakana.

8. Anthuwo alipobe

Mfuti ndi akavalo zidathandiza Asipanishi, koma pazokha sizikadakwanira. Adapambana chifukwa cha miliri, chinyengo, ndiponso chidani chimene adachipeza pakati pa eni dziko. Mfumu yozunza anthu ake imasowa woiteteza pa tsiku la tsoka.

Spain idalamulira maikowa zaka pafupifupi 300. Mexico ndi Peru adalengeza ufulu wawo mu 1821. Lero anthu oposa miliyoni imodzi amayankhula Nahuatl. Mamiliyoni ena amayankhula Quechua, chinenero cha ufumu wa Inca.

Tikambirane

1. N'chifukwa chiyani anthu a ku Tlaxcala adathandiza Cortés?
2. Kodi mkangano wa Huáscar ndi Atahualpa udapindulira yani?
3. Kodi mita ikufanana bwanji ndi thangata?

Mukamabzala chimanga chaka chino, auzeni ana anu kumene mbewuyi idachokera. Auzeninso zimene zidagwera eni ake.