Mbiri ya kwacha ili m'kapu ya tiyi

Anzanga, lero tikambeko za tiyirumu.

Ndalama ya kwacha inalowa m'malo mwa paundi mu 1971, ine ndili kumsana. Mmene ndimayamba kuperekeza malemu bambo anga kokagulitsa kachewere pa Lizulu, tiyi tinkamwa wa matambala. Kapu yake yachitsulo ija, shuga wothira wekha, sikono ngati chibakera.

Zinthu zinayamba kutembenuka mu 1994, boma litaisiya kwacha kuti mtengo wake uzidziwika ndi msika. Matambala anatha mphamvu tikuona. Mu 2012 kwacha inagwetsedwa, chaka chomwecho kunabwera K1,000 yapepala. K2,000 inabwera mu 2016, K5,000 mu 2022. Mu Meyi 2022 anaigwetsanso ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44.

Ife akumudzi maperesentiwo timangowamva pa wailesi. Tinawaonera pa mbale ya shuga. Inachoka patebulo n'kupita kuseri kwa kauntala, mayi wa tiyirumu n'kumakuthirira yekha timasupuni tiwiri. Sikono nayo inafota. Shuga atasowa mu 2024 ndiye eee, zinafika poipa.

Mwina mufunsa kuti masamba ndi a ku Thyolo ndi Mulanje, shuga wa ku Nchalo ndi Dwangwa, nanga dola ikulowa pati? Mafuta a galimoto zonyamula katunduyo, feteleza, ndi tirigu wambiri wa masikono timagula kunja. Tirigu wathu wa ku Tsangano ndi wochepa. Ndiye tisamakalipire mayi uja, nayenso akulira ngati ife.

Chaka chatha ndinati basi, tiyi ndasiya, ndizisunga ndalama. Tsiku lina ndinangofikira kumsika osadzera ku tiyirumu. Mavenda ananditengera matumba atatu pamtengo wakale, osadziwa ine kuti kachewere wakwera. Anzanga anali atauzana kale pomwa tiyi. Zimene ndinaluza tsiku limenelo zikanandimwetsa tiyi mwezi wathunthu.

Pano ndimatenga mbatata yophika mu jumbo, n'kuitanitsa tiyi wopanda mkaka. Tsiku loyamba ndinachita manyazi, koma mayi aja anangoseka: "Abambo, bola mwabwera, khalani pansi." Sikono ndimagula ndikagulitsa bwino basi.

Kusunga ndalama n'kwabwino, koma pabenchi paja musachokepo. Nanga kwanuko kapu ya tiyi yafika pa zingati?